Momwe mungaonere kanema wa HD weniweni pa kompyuta ndi pa TV

Mwagula TV yolembedwa Full HD pabokosi, mwailumikiza ku laputopu, koma nkhope za anthu zikuoneka mwachimbuuzi. Mwina chithunzi chabwera bwinobwino koma mawu akutulukirabe pa tisipika ta laputopu. Mwinanso filimu imene imasewera bwino pa kompyuta mwaiika pa fulashi, ndipo TV ikungokana kuti fayiloyo siikuidziwa. Ambiri akafika apa amayamba kukayikira TV, ena amathamangira kukagula chingwe chodula. Nthawi zambiri TV imakhala ilibe mlandu.

Chithunzi chisanafike m'maso mwanu chimadutsa malo asanu: gwero lake, kaya ndi fayilo kapena intaneti, chipangizo chosewerera, chingwe, TV, ndiponso mtunda umene mwakhala. Zili ngati madzi odutsa m'mapaipi olumikizana. Paipi imodzi ikakhala yopapatiza, kumpopi kumatuluka madzi ochepa ngakhale mapaipi ena onse akhale aakulu. N'chifukwa chake masitepe ali m'munsiwa akuyambira kugwero n'kumatsika. Atsatireni m'ndondomeko yake, chifukwa kusintha zinthu pa TV pamene fayilo ndiyo yoipa n'kutaya nthawi chabe.

## Zimene mukufunika

- Kompyuta kapena laputopu yokhala ndi bowo la HDMI. Ngati ili ndi USB-C kapena DisplayPort yokha, pezani kachipangizo kosinthira ku HDMI.
- TV ndi rimoti yake yeniyeni. Rimoti ya dikoda kawirikawiri siifika pa zosintha za chithunzi cha TV.
- Chingwe cha HDMI cholembedwa High Speed. Ngati mukufuna 4K, chikhale Premium High Speed.
- Pulogalamu ya VLC yosewerera makanema, ndi ya HandBrake yosinthira mafayilo. Zonse ndi zaulere.
- Fulashi ya 8 GB kapena kuposa.
- Kanema mmodzi amene mukudziwa motsimikiza kuti ndi wooneka bwino, woti muziyesera pa sitepe iliyonse.
- Tepi yoyezera.

## Yambani ndi kanemayo

Sitepe 1. Fufuzani kukula kwenikweni kwa chithunzi.

Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Manambala amene mumaona pa makanema amanena kuchuluka kwa timadonthoti. 720p ndi timadontho 1280 chopingasa ndi 720 chotsika, ndipo HD imayambira pamenepa. 1080p, imene imatchedwa Full HD, ndi 1920 ndi 1080, kutanthauza timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni. 4K ndi 3840 ndi 2160, kuwirikiza kanayi Full HD. DVD wamba si HD ayi: imakhala 720 ndi 576, kapena 720 ndi 480.

Pa Windows, dinani fayilo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Details, muone Frame width ndi Frame height. Mu VLC, kanema akusewera, dinani Ctrl ndi J pamodzi. Patuluka kabokosi konena kukula kwa chithunzi ndi mtundu wa kanemayo.

Chenjezo: musakhulupirire dzina la fayilo. Aliyense angathe kulemba 1080p pa dzina la fayilo ya 640 ndi 360. Komanso musadabwe mukaona filimu ili 1920 ndi 800 kapena pafupi pamenepo. Mafilimu ambiri amajambulidwa motambalala kuposa TV, ndiye nambala yachiwiri imachepa. Yang'anani yoyamba: ikakhala 1920, ndi Full HD.

Sitepe 2. Onani ngati fayiloyo sinafinyidwe mopitirira muyezo.

Apa ndi pamene pamagona chinyengo chachikulu. Mafayilo awiri angathe kukhala 1920 ndi 1080 onse, koma imodzi n'kumaoneka bwino kwambiri pamene inayo ili ndi timabokosi m'malo amdima, ndipo udzu wa pabwalo la mpira ukungooneka ngati utoto wobiriwira wopakidwa. Kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa data imene yasungidwa pa sekondi iliyonse ya kanema, imene pa Details paja imalembedwa Total bitrate.

Mungathe kuwerengera nokha. Filimu ya maola awiri yolemera 700 MB ili ndi data yosakwana 1 Mbps (Mbps ndi muyezo wa kuchuluka kwa data pa sekondi). Yerekezani ndi 5 Mbps imene YouTube ndi Netflix amalangiza pa 1080p, kapena ndi chimbale cha Blu-ray chimene chithunzi chake chimafika mpaka 40 Mbps. Fayilo ya 700 MB ija ili ndi timadontho tokwanira, koma zambiri zimene timadonthoto tinayenera kuonetsa zinatayidwa poifinya, ndipo palibe TV kapena pulogalamu imene ingazibweze. Ine ndimaona kuti 720p wosungidwa bwino amaposa kutali 1080p wofinyidwa chonchi, makamaka pa zithunzi zothamanga.

Sitepe 3. Dziwani malire a sikirini yanu.

Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa HD Ready ali ndi timadontho 1366 ndi 768 basi. Malaputopu ambiri akale ali chimodzimodzi. Sikirini yotere imalandira kanema wa 1080p, koma imamuchepetsa kuti akwane. Pa Windows, pitani ku Settings, System, Display, muone nambala imene ili ndi mawu akuti Recommended pa Display resolution. Za TV, werengani kabuku kake, kapena lembani pa intaneti nambala ya mtundu wake imene ili pachipepala chakumbuyo. Mukapeza kuti sikirini yanu ndi 1366 ndi 768, lekani kuvutika ndi mafayilo akuluakulu, 720p akukwanirani.

## Kulumikiza kompyuta ku TV

Sitepe 4. Sankhani chingwe choyenera.

HDMI imanyamula chithunzi ndi mawu pa chingwe chimodzi, ndipo ndiyo muyenera kugwiritsa ntchito ngati ilipo. Zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, sizinyamula HD ngakhale pang'ono. VGA, ya mutu wabuluu wokhala ndi timisomali 15, ingathe kufika 1080p koma siinyamula mawu, ndipo chithunzi chake chimafooka chingwe chikatalika.

Lowetsani chingwe mpaka chikhazikike, ndipo onetsetsani nambala ya bowo limene mwalowetsamo kumbuyo kwa TV, kaya HDMI 1 kapena HDMI 2. Pa rimoti dinani Source kapena Input n'kusankha nambala yomweyo.

Chenjezo loyamba: si bowo lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi. Ena ndi otchajira ndi kukopera mafayilo basi. Ngati kachipangizo kosinthira sikakuonetsa kanthu, fufuzani ngati laputopu yanu imatulutsa chithunzi pa bowo limenelo musanaganize kuti kachipangizoko n'kowonongeka. Lachiwiri ndi la kompyuta ya padesiki yokhala ndi khadi lapadera la zithunzi: lowetsani chingwe pa khadilo, m'munsi, osati pa bowo la HDMI lomwe lili pamwamba pafupi ndi ma USB.

Sitepe 5. Uzani kompyuta mmene ionetsere.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Patuluka zosankha zinayi. Duplicate imaonetsa zofanana pa masikirini onse awiri. Extend imasandutsa TV kukhala sikirini yachiwiri yapayokha. Second screen only imathimitsa ya laputopu n'kusiya TV yokha.

Anthu ambiri amasankha Duplicate chifukwa ndi yosavuta kumva, ndipo apa ndi pamene HD imathera. Masikirini awiri akamaonetsa zofanana, Windows imasankha kukula kumene onse angakwanitse. Laputopu ya 1366 ndi 768 imakokera TV ya Full HD pansi pomwepo. Sankhani Second screen only, kapena Extend n'kukokera zenera la kanema ku TV. Kenako bwererani ku Settings, System, Display, dinani sikirini ya TV, ndipo pa Display resolution ikani 1920 x 1080, kapena 3840 x 2160 ngati TV ndi ya 4K. Pa Mac zimenezi zili ku System Settings, Displays.

Zilembo zikachepa kwambiri moti simukutha kuwerenga muli pampando, musatsitse resolution. Kwezani Scale, imene ili pamalo omwewo, ifike 150% kapena 200%. Zilembo zikula koma chithunzi cha kanema chikhalabe chokwanira.

Pa 4K pali chinthu china. HDMI 1.4 imanyamula 4K pa 30 Hz yokha, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, ndipo mumaona kamuvi ka mausi kakuyenda modumphadumpha. Kuti mufike 60 Hz pamafunika HDMI 2.0 ku kompyuta ndi ku TV komwe, chingwe cha Premium High Speed, komanso pa ma TV ambiri muyenera kuyatsa nokha chosintha cha bowolo. LG imachitcha HDMI Ultra HD Deep Colour, Samsung imati Input Signal Plus kapena HDMI UHD Color, ndipo Sony imati Enhanced format.

Sitepe 6. Tumizani mawu ku TV.

Dinani kachizindikiro ka sipika pakona yakumanja m'munsi, tsegulani mndandanda wa zipangizo zotulutsa mawu, sankhani dzina la TV. Ngati VLC inali yotsegula kale, itsekeni n'kuitsegulanso, kapena pitani ku Audio, Audio Device. Pa Mac ndi System Settings, Sound, Output. Dzina la TV likapanda kuoneka, zulani chingwe, dikirani masekondi angapo, lowetsaninso TV ili yoyaka.

## Kukonza TV

Sitepe 7. Chotsani kudula kwa m'mbali.

Ngati mzere wa m'munsi wa Windows wadulidwa theka, TV ikukulitsa chithunzi pang'ono n'kutaya m'mphepete. Ichi ndi chizolowezi chotsalira cha ma TV akale, ndipo chimawononga zambiri kuposa m'mphepete mokha. Chithunzi chikakulitsidwa, kadontho ka kanema sikagweranso ndendende pa kadontho ka sikirini, ndiye chithunzi chonse chimafewa. Pitani ku zosintha za Picture Size kapena Aspect Ratio. Pa LG yatsani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa Sony Full Pixel. Pewani Zoom, Wide Zoom ndi zina zofanana nazo.

Sitepe 8. Sinthani maonekedwe a chithunzi.

TV yatsopano nthawi zambiri imabwera ili pa Vivid kapena Dynamic, zimene zinakonzedwa kuti iziwala pakati pa magetsi owala kwambiri a malo ogulitsira. M'nyumba zimapangitsa khungu la anthu kuoneka lofiirira mopitirira ndipo zoyera zimatembenukira ku buluu. Sankhani Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Poyamba muona ngati chithunzi chachita chikasu kapena chazilala. Musabwerere msanga. Onerani masiku awiri kapena atatu maso azolowere, kenako mubwerere ku Vivid kwa mphindi imodzi. Mudzaona nokha mmene inkakunamizirani mitundu.

Tsitsani Sharpness. Dzina lake limanyenga, chifukwa siliwonjezera chilichonse chimene sichinali m'chithunzi. Imangojambula timizere toyera m'mphepete mwa zinthu, ndipo pa fayilo yofinyidwa imaonetsa timabokosi tija kwambiri. Itsitseni mpaka timizere tozungulira zilembo ndi nkhope tithe.

Kenako pali chosintha chimene chimakhumudwitsa anthu ambiri osadziwa dzina lake. Mafilimu amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. TV imapeka zithunzi zina n'kuziika pakati kuti kuyenda kusalale, ndipo filimu imayamba kuoneka ngati yajambulidwa ndi foni, mwinanso kuzungulira munthu wothamanga kumachita ngati nthunzi. Samsung imachitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG imati TruMotion, Sony imati Motionflow. Pa mafilimu chithimitseni. Pa mpira ena amachikonda chili chotsika, ndipo pamenepo ndilibe nacho vuto. Ngati chithunzi chikuda chokha nthawi zina, onaninso Energy Saving kapena Eco.

Chenjezo: pa ma TV ambiri zosinthazi zimasungidwa pa bowo lililonse palokha. Zimene mwakonza pa HDMI 1 sizifika zokha pa HDMI 2, pa fulashi, kapena pa YouTube ya m'kati mwa TV. Muyenera kubwereza, kapena kufufuza chosankha chogwiritsa ntchito zosinthazo paliponse.

## Kanema akamadodoma pa kompyuta

Sitepe 9. Pezani chimene chikulemera.

Ngati fayilo ili pa kompyuta momwemo koma chithunzi chikuima pamene mawu akupitirira, intaneti siikukhudzidwa. Kompyuta ndiyo ikulephera kumasula kanemayo mwachangu. Choyamba lumikizani chaja, chifukwa malaputopu ambiri amachepetsa mphamvu akakhala pa batire. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager. CPU, kutanthauza purosesa ya kompyuta, ikakhala pafupi ndi 100% kanema akusewera, tsekani mapulogalamu ena, makamaka mazenera ambirimbiri a intaneti.

Zikapitirira, mu VLC pitani ku Tools, Preferences, Input / Codecs, ndipo pa Hardware-accelerated decoding ikani Automatic. Izi zimapereka ntchito yomasula kanema ku mbali ya kompyuta imene inapangidwira zimenezo. Ngati inali kale pa Automatic ndipo mukuona mabokosi obiriwira kapena otuwa, yesani Disable.

Tsopano onaninso kabokosi ka Ctrl ndi J kaja. MP4 ndi MKV ndi zotengera chabe, ngati envulopu. Chimene chimalemetsa kompyuta ndi njira imene kanema wam'katimo anafinyidwira. H.264 imaseweredwa ndi pafupifupi chipangizo chilichonse. H.265, imene imatchedwanso HEVC, imachepetsa fayilo kwambiri koma imafuna chipangizo chatsopanoko. Mapurosesa a Intel anayamba kuimasula mokwanira pa m'badwo wa 6, wa mu 2015, ndipo HEVC ya 10-bit pa m'badwo wa 7. AV1 inayamba pa m'badwo wa 11. M'badwo mumaudziwa poona nambala yoyamba pa dzina la purosesa (kuyambira m'badwo wa 10 ndi manambala awiri oyamba): Core i5-6200U ndi wa 6, Core i5-3320M ndi wa 3. Ngati kompyuta yanu ndi yakale kuposa pamenepa, funani mafayilo a H.264, kapena sinthani fayiloyo monga mwa sitepe 12.

Mawu akamatsogola kapena kutsalira pa milomo, mabatani a J ndi K mu VLC amawasuntha ndi 50 ms (masekondi 0.05) nthawi iliyonse mwadina. Mukaona timizere ngati mano a chipeso m'mphepete mwa zinthu zoyenda, kanemayo ndi wa mtundu ngati 1080i kapena 576i, umene mawailesi a kanema amaulutsa. Dinani D kuti VLC iwasalaze.

## Kuonera pa intaneti

Sitepe 10. Yezani liwiro, pamalo pomwe muonerepo.

Tsegulani fast.com pa chipangizo chimene muonerepo, chili pamalo ake enieni, pa nthawi imene mumaonera. Liwiro la m'mawa pafupi ndi rauta silikuuzani kanthu za madzulo kuchipinda china. Netflix imalangiza 3 Mbps pa 720p, 5 Mbps pa 1080p ndi 15 Mbps pa 4K. YouTube imalangiza 5 Mbps pa 1080p ndi 20 Mbps pa 4K. Manambalawa ndi a munthu mmodzi. Ena m'nyumbamo akamaoneranso zawo, mukugawana.

Osasokoneza Mbps ndi MB. Mu baiti imodzi muli mabiti 8, choncho intaneti ya 8 Mbps imatsitsa pafupifupi 1 MB pa sekondi.

Liwiro likakhala losakhazikika, chingwe cha Ethernet chochokera ku rauta kupita ku TV kapena kompyuta chimathetsa mavuto ambiri kuposa china chilichonse. Ngati chingwe sichitheka, gwiritsani ntchito Wi-Fi ya 5 GHz mukakhala pafupi ndi rauta. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsa makoma bwino, koma ndi yochedwerapo ndipo imasokonezedwa ndi ma netiweki oyandikana nawo.

Sitepe 11. Sankhani nokha mlingo wa chithunzi.

Pa YouTube dinani kagudumu ka Settings, kenako Quality, musankhe 1080p. Mukaisiya pa Auto, imatsika yokha liwiro likagwa pang'ono ndipo simudziwa. Kuti muone zimene zikuchitikadi, pa kompyuta dinani kanemayo ndi batani lakumanja n'kusankha Stats for nerds. Muona kukula kwa chithunzi chimene chikusewera, liwiro la intaneti, ndi chiwerengero cha zithunzi zimene zatayidwa. Zithunzi zotayidwa zikamachuluka pamene liwiro lili bwino, vuto ndi kompyuta, ndipo mubwerere ku sitepe 9. Ngati 1080p palibe pamndandanda, ndiye kuti mwini wake sanaike kanema wa HD, kapena wangomuika kumene ndipo YouTube siinamalize kukonza milingo yapamwamba.

Pa Netflix, mlingo umadalira pulani imene mumalipira komanso chosintha cha Playback settings mu akaunti yanu. Chikakhala pa Low, simudzaona HD ngakhale intaneti ithamange bwanji.

Chenjezo: walira mvula walira matope. Netflix imanena kuti HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, ndipo 4K mpaka 7 GB. Ngati data yanu ili ndi malire, werengerani musanayambe. Pa foni kapena laputopu yaing'ono, 720p imaoneka bwino ndithu ndipo imadya pafupifupi theka.

## Kuonera pa fulashi

Sitepe 12. Konzani fulashi ndi fayilo.

Fulashi zambiri zimabwera zili pa FAT32, imene siilola fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale fulashiyo ikhale ya 64 GB yopanda kanthu. Kompyuta ikakana kukopera n'kumati fayilo yakula, chifukwa chake n'chimenechi. Onani m'kabuku ka TV ngati imawerenga NTFS kapena exFAT, kenako dinani fulashi ndi batani lakumanja, Format, musankhe imeneyo. Format imafufuta zonse zili pa fulashi. Koperani kaye zofunika kwina, ndipo onetsetsani kawiri kuti mwasankha fulashi, osati diski ina.

TV ikakana fayilo, kapena ikaonetsa chithunzi popanda mawu, ndiye kuti siikudziwa njira imene chithunzi kapena mawu anafinyidwira. Mawu a DTS ndi amene amakanidwa kawirikawiri. Kusintha dzina la fayilo kuchoka pa .mkv kupita pa .mp4 sikuthandiza, chifukwa zam'kati sizinasinthe. Tsegulani HandBrake, lowetsani fayiloyo, pa Preset sankhani Fast 1080p30, Format ikhale MP4, kenako dinani Start Encode. Mupeza fayilo ya H.264 yokhala ndi mawu a AAC, imene pafupifupi TV iliyonse imasewera. Pa kompyuta yakale ntchitoyi ingatenge nthawi yaitali kuposa filimuyo, choncho ilumikizeni ku magetsi ndipo muisiye pamalo popita mpweya.

Mawu olembedwa m'munsi akakhala mu fayilo yapadera ya .srt, ipatseni dzina lofanana ndendende ndi la filimu ndipo zikhale mu foda imodzi.

## Pamene mwakhala

Sitepe 13. Yezani mtunda.

Diso lili ndi malire ake. Kwa munthu woona bwinobwino, kuti aone zonse zimene 1080p ikupereka ayenera kukhala pa mtunda wosapitirira pafupifupi kamodzi ndi theka kukula kwa TV kuchokera pakona kufika pakona ina. Pa TV ya mainchesi 43 ndi pafupifupi mamita 1.7, pa ya mainchesi 55 ndi pafupifupi mamita 2.2. Ubwino wa timadontho ta 4K umayamba kuoneka mukayandikira kuposa pamenepa. Pa TV ya mainchesi 32, mukakhala mamita opitirira 2, n'zovuta kusiyanitsa 720p ndi 1080p. Musanawononge data pa 4K, sunthani kaye mpando. Pakati pa sikirini pakhale molingana ndi maso mukakhala pansi, ndipo zenera kapena babu zisayang'anizane nayo.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kugula chingwe chodula poganiza kuti chithunzi chiwala. HDMI imatumiza manambala. Chingwe chikakwanitsa kuwanyamula, chithunzi chimafanana ndendende ndi cha chingwe chilichonse chimene chikugwira ntchito. Chikalephera, muona timadontho tothwanima kapena chithunzi chikuthima n'kuyakanso. Chofunika ndi mlingo wake, High Speed kapena Premium High Speed, ndi kutalika kosapitirira kumene mukufunikira.

Kusandutsa kanema wa 480p kukhala 1080p. Fayilo imakula, koma chithunzi chimakhala chomwecho. Chimodzimodzi kabokosi kosinthira zingwe zitatu zija kupita ku HDMI: kamathandiza kulumikiza chipangizo chakale, koma sikabala HD.

Kutambasula chithunzi kuti chidzaze sikirini. Makanema akale ndi a 4:3, TV ndi ya 16:9, ndipo mafilimu ambiri ndi otambalala kuposa pamenepo. Mizere yakuda m'mbali kapena pamwamba ndi pansi si vuto. Mukaichotsa ndi Zoom mukudula mbali ya chithunzi, mukaichotsa ndi Stretch anthu onse amafupika n'kunenepa, kapena amatalika n'kuonda.

Kuiwala dikoda. Dikoda ya HD yolumikizidwa ndi HDMI ingathe kukhala itaikidwa pa 576i, imene si HD, m'zosintha zake. Ikani 1080i kapena 1080p. Kumbukiraninso kuti tchanelo chimene chimaulutsidwa mwa SD, mlingo wotsika kuposa HD, chidzaonekabe chofewa pa TV iliyonse, ndipo TV ikakula chimaoneka chofewa kwambiri.

Kulowetsa dikoda mu laputopu. Bowo la HDMI la laputopu, kupatula pa zochepa kwambiri, ndi lotulutsa chithunzi basi, sililandira.

Kutsitsa fayilo ya HDR, mtundu wa kanema wofuna sikirini yapadera, popanda sikirini yakeyo. Mitundu ikaoneka yotuwa ngati chovala chosuluka, kapena nkhope zikachita pepo ndi zobiriwira, onani ngati dzina la fayilo lili ndi HDR kapena DV (Dolby Vision). Pezani ina yopanda zilembo zimenezi.

Kutumizirana makanema pa WhatsApp mwachizolowezi. Pulogalamuyi imafinya kanema isanatumize. Ngati mukufuna kuti afike mmene alili, mutumizeni ngati Document, kapena mukopere pa fulashi.

Kuonetsa sikirini ya foni pa TV m'malo motumiza kanema. Screen mirroring imajambula zimene zili pa foni, kuzifinyanso n'kuzitumiza pa Wi-Fi, ndiye chithunzi chimafewa ndi kudodoma. Ngati pulogalamuyo ili ndi kachizindikiro ka Cast, dinani kameneko, kuti TV izitenga yokha kanemayo pa intaneti.

Kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mukasintha chingwe, bowo, resolution ndi Picture Mode pamodzi, simudziwa chimene chakonza kapena chimene chawononga. Jambulani ndi foni zosintha za TV musanazigwire, sinthani chimodzi, sewerani mphindi yomweyo ya kanema woyesera uja, kenako pitani pa china. Mukasokonezeka, Reset Picture imabwezeretsa zosintha za chithunzi zokha osafufuta matchanelo. Imene imafufuta zonse ndi Factory Reset, ndiye muwerenge bwino musanadine OK.